Mtanda wofiira suuza mwana pomwe wasochera

Samu yake ndi yaifupi: 52 kuchotsapo 38. Mwana wa Giredi 4 waiyala bwinobwino m'kope, 52 pamwamba, 38 pansi, kamzere kojambula ndi rula, ndipo pansi pa kamzereko walemba 26. Pambali pali mtanda wa inki yofiira. Yotsatira ndi 71 kuchotsapo 45. Wapeza 34, mtanda wina. Koma pa 68 kuchotsapo 25 wapeza 43, ndipo apo aphunzitsi achonga. M'munsi mwa tsamba mwalembedwa 3/10, nambalayo itazunguliridwa, kenako siginecha ndi tsiku. Palibe mawu ena.

Makope otere ali mbwee m'zikwama za ana a ku Chaisa, monganso ku Mandevu, ku Marapodi, ku Garden ndi m'makomboni ena a kumpoto kwa Lusaka. Wowaona mothamanga anganene kuti mwanayu amangolota manambala. Ayi ndithu. Ali ndi lamulo lake ndipo amalitsata mokhulupirika: pa mzere uliwonse amachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, osasamala kuti yapamwamba ndi iti. Pa 2 ndi 8 wapeza 6, pa 5 ndi 3 wapeza 2, ndiye 26 imeneyo. Lamuloli sanalitole kumsewu. Ali Giredi 1 anauzidwa kuti 8 sangachoke pa 2, iye n'kusunga mawuwo mumtima.

Chovuta n'chakuti lamulo lakelo nthawi zina limamupatsa yankho lolondola. Pa samu iliyonse yosafuna kubwereka amakhoza. Ndiye kwa iye inki yofiira ilibe mutu weniweni: njira ndi imodzimodzi, apa achonga, apo akhwatcha. Chimene angatolepo pa tsamba lonselo n'chakuti iye masamu sawatha. Akuluakulu ambiri a m'komboni, madalaivala a minibasi ndi ogulitsa salaula omwe, amanena mawu omwewa, ndipo ena anayamba kuwanena asanakwanitse zaka 10.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1978 ofufuza awiri a ku America, John Seely Brown ndi Richard Burton, anasanthula mayankho a ana oposa 1,000 pa masamu ochotsera. Anapeza kuti ana ambiri olakwitsa salakwitsa mwachisawawa. Amakhala ndi njira yolakwika imene amaibwereza samu ndi samu, ndipo kuchotsa chaching'ono pa chachikulu kunali m'gulu la njira zofala kwambiri. Mphunzitsi amene waizindikira njirayo angathe kuwongola masamu asanu ndi awiri ndi chiganizo chimodzi. Amene sanaizindikire amalemba mitanda isanu ndi iwiri, ndipo mawa adzalembanso.

Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyu akatuluka pageti la sukulu amakhala munthu wina. Chaisa ili m'mbali mwa Great North Road, pang'ono chabe kuchokera pakati pa tauni, ndipo malonda ndiwo moyo wake: tuntemba pakhomo ndi pakhomo, tomato wounjika m'timilu, vitumbuwa, makala a m'timapulasitiki, ufa wa pamela. Ana ambiri amasiyidwa pa malonda amenewa amayi akapita kukaoda ku msika wa Soweto. Wogula akatenga zinthu za K38 n'kupereka K50, mwanayo sayala manambala. Amayambira pa 38, kuwonjeza 2 kuti ikwane 40, kuwonjeza 10, ndipo K12 ili m'manja mwa kasitomala asanamalize n'kulankhula komwe. Akalakwitsa chenji amadziwa pomwepo, chifukwa wogula sachoka, ndipo madzulo amayi amawerenga ndalama.

Zimenezi anaziona kale ofufuza a ku Recife m'dziko la Brazil. Mu 1985 Terezinha Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann anafalitsa zimene anapeza atagula zinthu kwa ana ogulitsa mumsewu, kenako n'kuwapatsa masamu omwewo papepala. Pamalonda anawo anakhoza pafupifupi onse. Atawalembera manambala okhaokha ngati a m'kalasi, sanafike ndi theka lomwe. Ana ake anali asanu okha, choncho si umboni woti n'kumangirapo lamulo la dziko, koma aliyense amene anaimapo pa kantemba ku Chaisa angavomereze kuti anawaonapo ana oterowo.

Pamenepa ndiye pali khomo limene mtanda wofiira umatseka. Aphunzitsi akanati afunse kuti, "Iwe, amayi akupatsa K52, wagula za K38, m'thumba mwatsala K26?" mwanayo akanaseka yekha. Akudziwa kuti 38 ndi yoposa theka la 52, ndiye zotsala sizingachuluke chomwecho. Funso lotero silimupatsa yankho. Limangomugwirizanitsa ndi nzeru zimene ali nazo kale, ndipo ntchito yofufuza pomwe pakhota imatsala m'manja mwake.

Koma funsolo limafuna mphindi, ndipo mphindi ndi zimene mphunzitsi wa m'komboni alibe.

Boma la Levy Mwanawasa linathetsa fizi ya Giredi 1 mpaka 7 mu 2002. Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka Giredi 12, ndipo ana amene anali atakhala pakhomo anakhamukira kusukulu. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, chiwerengero chachikulu zedi pa nthawi imodzi. Ndalama zachitukuko za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo zina zinapita ku madesiki. Zonsezi n'zabwino, ndipo palibe kholo la ku Chaisa lingafune kubwerera kumasiku othamangitsidwa chifukwa cha fizi. Koma zipinda sizimera ngati bowa. M'makomboni a Lusaka malo omangapo anatha kalekale, ndiye kalasi ya ana 80, 90 kapena oposa 100 si yachilendo, ndipo sukulu zambiri zimagawa tsiku, ena m'mawa, ena masana.

Masamu a aphunzitsi okha ndi owawa. Kalasi ya ana 85, masamu 10 aliyense, ndi mayankho 850. Kope lililonse likatenga mphindi imodzi yokha, kutsegula, kuchonga, kutseka, papita ola limodzi ndi mphindi 25, pomwe phunziro lenilenilo ndi la mphindi 30 kapena 40. Akati alembe kachiganizo kothandiza m'kope lililonse, mphindi zitatu pa mwana, akufunika maola oposa anayi. Imeneyo ndi sabujekiti imodzi, ndipo mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa pafupifupi zonse. Madzulo akukwera minibasi, kunyumba magetsi mwina kulibe, monga zinalili kwa miyezi yambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Ndiye pamachitika zimene aliyense amene anadutsa m'sukulu ya boma akudziwa. Omaliza msanga amandanda pa tebulo la aphunzitsi, makope ali chitsegulire, ndipo cholembera chofiira chimathamanga. Amenewa ndi ana omwe anamva kale. Amene sanamve akadali pa samu yachitatu belu likamalira, ndipo kope lawo limabwerera m'chikwama osaonedwa. Masiku ena ana amasinthana makope, aphunzitsi n'kumawerenga mayankho mokweza. Masiku ena m'kope mumangolembedwa "Seen". Mwana wamwayi amalandira "Good", wopanda mwayi "See me", ndipo ndi ochepa amene amapitadi kukaonana nawo, chifukwa mawu amenewo amamveka ngati samani ya kukhoti.

Kenako pamabwera mwambo wa ma corrections, umene mwina ndi bodza lalikulu kwambiri m'kope la masamu. Aphunzitsi, kapena mwana wanzeru wa m'kalasimo, amalemba njira yolondola pabolodi, ena onse n'kukopera. Tsamba limaoneka laukhondo, 14 waima pamalo pake, ka 1 kobwereka kali m'mwamba, ndipo aphunzitsi amachonga mosangalala. Koma dzanja ndilo lagwira ntchito, mutu sunakhudzidwe. Lamulo lakale lija likadali m'kati, likudikira Lolemba.

Tisathamangire kuwaloza chala aphunzitsi. Iwo akuchita zimene amafunsidwa. Ahedi ndi oyendera sukulu ochokera ku ofesi ya maphunziro akatenga makope amaona ngati ntchito ikuperekedwa ndi kuchongedwa, popeza chimenecho n'chosavuta kuchiona. Kholo nalo likatsegula kope n'kupeza masamba opanda inki yofiira limati aphunzitsi awa ndi aulesi. Inkiyo yasanduka umboni wakuti munthu wagwira ntchito, ndipo omwe akuufuna umboniwo ndi akuluakulu. Mwana, amene kopelo ndi lake, ali kumapeto kwa mzere.

Zotsatira zake zikuoneka pa dziko lonse. Pa mayeso a SACMEQ a 2007, amene anayerekeza ana a Giredi 6 a m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, Zambia inali pansi penipeni pa masamu. Patapita zaka khumi dzikoli linalowa nawo mu PISA for Development, kafukufuku wa bungwe la OECD, ndipo zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti mwa ana asukulu a zaka 15, pafupifupi awiri okha pa 100 alionse ndi amene anafika pa mlingo wochepetsetsa woyembekezeka pa masamu. Zifukwa zake n'zambiri: umphawi, njala, kusowa mabuku, kujomba. Koma ana amenewo anali atakhala m'kalasi zaka zambiri, ndipo makope awo anachongedwa kambirimbiri.

Kodi nanga ndi mawu otani amene amathandiza? Kafukufuku wotchuka pa funsoli anachitika ku Israel. Mu 1988 Ruth Butler anafalitsa zimene anapeza pa ana 132 a Giredi 5 ndi 6 amene anawagawa patatu. Ena atalemba ntchito anapatsidwa malikisi okha, ena ndemanga yokha yonena chimene achita bwino ndi chimene angawonjezere, ena anapatsidwa zonse ziwiri. Amene analandira ndemanga yokha ndiwo anapita patsogolo. A malikisi okha sanasinthe. Chimene chinadabwitsa anthu ndi gulu lachitatu: nalonso silinasinthe, ngati kuti ndemangayo sinalembedwe n'komwe. Aphunzitsi ambiri sangadabwe nazo. Mwana akalandira kope maso amathamangira pa nambala yozunguliridwa, kenako pa nambala ya mnzake wa pambali, n'kutseka. Ntchito za Butler sizinali masamu enieni, koma khalidwe la maso limenelo ndi lomwelo.

Pa masamu penipeni pali umboni wa ku Venezuela. Maria Elawar ndi Lyn Corno, mu 1985, anaphunzitsa aphunzitsi 18 a Giredi 6 kulemba ndemanga pa homuweki ya masamu: kuloza cholakwa chenichenicho, kunena chimene chingakhale chinachititsa, kupereka njira yoyesera, ndi kutchula chimodzi chimene mwanayo wachita bwino. Patapita masabata 10 ana awo anaposa anzawo amene ankangochongeredwa, ndipo ambiri anayamba kuwakonda masamuwo.

Komabe si mawu onse obwerera kwa wophunzira amene amamanga. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana 131, wa m'sukulu ndi wa m'malo antchito, ndipo anapeza kuti pa maulendo oposa limodzi mwa atatu alionse, kuuza munthu mmene wachitira kunamubweza m'mbuyo. Zinkaipa makamaka mawuwo akaloza munthuyo m'malo moloza ntchito yake. "Ndiwe mbuli" ndi "ndiwe wanzeru" ali pachibale: onse akunena za mwana, palibe akunena za samu. Wouzidwa kuti ndi wanzeru amayamba kuopa masamu ovuta kuti dzina lake lisagwe. Wouzidwa kuti ndi mbuli amasamukira kubenchi ya kumbuyo. Patapita zaka ziwiri, mu 1998, Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anawerenga zolemba pafupifupi 250 n'kufika pa mfundo yakuti kuyesa ana kumapindula kwambiri pamene zopezekazo zasintha chimene mphunzitsi ndi mwana achite mawa, ndipo opindula koposa ndi ana omwe amatsalira.

Mbali yaikulu ya zimene mwana amamva za masamu ake sizidutsa n'komwe m'kope. Zimadutsa m'mlengalenga mwa kalasi. Aphunzitsi amamaliza chitsanzo pabolodi, n'kutembenuka: "Tili pamodzi?" Kalasi yonse imayankha kamodzi, "Yes, Madam!" Mawuwo ndi amphamvu moti amamveka mpaka kumsewu, koma sanena kanthu. Ana khumi akutsogolo amayamba, ena onse amatsatira kamvekedwe. Mwana woleredwa bwino sangaimike dzanja n'kuuza munthu wamkulu kuti sanamve, makamaka pamaso pa anzake 80 okonzeka kuseka. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira, koma anatiphunzitsanso kuti mwana sayankha akulu akamalankhula, ndipo m'kalasi mwambo wachiwiriwu ndi umene umapambana.

Funso likaponyedwa kwa mmodzi, nthawi yoganiza imakhala yochepa. Mary Budd Rowe, amene anajambula mawu a m'makalasi ambiri ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi asanalumphire kwa wina kapena kudziyankha okha. Atawaphunzitsa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana omwe ankakhala chete anayamba kulankhula. Masekondi atatu safuna CDF. Koma mphunzitsi amene silabasi ikumuthamangitsa, ndipo kalasi ya masana ikusuzumira kale pawindo, amawamva ngati chaka.

Wokhoza amaomberedwa m'manja ndi kalasi yonse mwa kayimbidwe kake. Wolakwa amauzidwa kuti akhale pansi, dzanja lina n'kusankhidwa. Palibe amene wamufunsa kuti 26 wakeyo wamupeza bwanji, pomwe mwina ana makumi awiri m'chipindamo ali ndi 26 yemweyo m'makope. Kale cholakwa chinkalipidwa ndi chikoti, samu imodzi chikoti chimodzi. Zambia inaletsa kumenya ana kusukulu mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linatsindika chiletsocho. Mantha okha sanachoke ndi lamulo. Mwana wamantha amabisa njira yake, amafufuta, amakopera kwa mnzake, ndipo kope likafika kwa aphunzitsi silinenanso zoona.

Palinso chiyankhulo. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ku Lusaka ankayenera kuphunzira m'Chinyanja, Chingerezi n'kutenga malo pa Giredi 5. Silabasi yatsopano imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2025 yabwezeretsa Chingerezi patsogolo kuyambira m'makalasi oyamba. Ku Chaisa nkhaniyi ndi yopiringizika kuposa mmene ndondomeko iliyonse imaganizira. Chinyanja cha m'buku ndi cha kummawa, cha ku Chipata ndi ku Katete, pomwe mwana wa m'komboni amalankhula cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, ndipo ena amachokera m'mabanja a ku Somalia amene anakhazikika m'derali. Mwana angathe kukopera njira m'chiyankhulo chilichonse. Kufotokoza chifukwa chimene wachitira zimene wachita, angathe m'chiyankhulo cha kunyumba chokha. Mphunzitsi amene amati "ndiuze mu Chinyanja, mwanangu, unayambira pati?" amamva zinthu zimene mnzake woumirira Chingerezi sadzazimva.

Kodi m'kalasi ya ana 85 muli chimene chingatheke? Yankho lina Zambia inaliyesa kale. Mu 2016 unduna wa maphunziro unayamba pulogalamu ya Catch Up m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, motengera njira imene bungwe la Pratham linayambitsa ku India, mothandizidwa ndi mabungwe monga VVOB, UNICEF ndi J-PAL. Inakula mpaka sukulu pafupifupi 1,800 za kummawa ndi kummwera, kenako n'kufalikira m'zigawo zina. Imayamba ndi chinthu chimene ana ambiri sanachionepo: mphunzitsi kukhala pansi ndi mwana mmodzi kwa mphindi zochepa, kumuonetsa manambala, kumupatsa samu, n'kuona pomwe akuima. Palibe malikisi. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amagawidwa malinga ndi zimene akutha, osati kalasi yawo, ndipo amaphunzira motero ola limodzi pa tsiku. Pakapita nthawi amayesedwanso, wokwera n'kusamukira gulu lina.

Zida zake n'zotola panja: timitengo, tina tokhatokha, tina tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Mwana amayala mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, ameneyo ndi 52. Akuuzidwa kuchotsa 38. Mitolo itatu imachoka mosavuta. Timitengo 8 ndiye palibe, pali tiwiri tokha, ndipo pansi palibe njira yotembenuzira manambala monga amachitira papepala. Amayang'ana, amakanda kumutu, mpaka iye kapena mnzake wa pambali agwire mtolo umodzi n'kumasula lamba. Timitengo tabalalika, 12 tsopano, ndipo 8 achoka. Patsala mtolo umodzi ndi timitengo tinayi. Aphunzitsi sananene kuti walakwa. Timitengoto ndi timene tamukaniza, ndipo ka 1 kaja kamene ankangokakopera pabolodi tsopano akudziwa kuti ndi mtolo womasula.

Catch Up si mankhwala a zonse. Imafuna ola lowonjezera pa tsiku lodzaza kale, ndipo sukulu yogawana zipinda m'mawa ndi masana imavutika kupeza malo ochitira. Koma yasonyeza kuti chofunika si kulemba zambiri m'makope onse. Aphunzitsi ena aluso amachita zofanana nazo mwa okha. M'malo mochonga makope 85, amatenga khumi kapena khumi ndi asanu osakaniza, a kutsogolo ndi a kumbuyo, osafuna kudziwa kuti wakhoza ndani koma kuti zolakwa zake ndi zamtundu wanji. Kawirikawiri zimapezeka kuti ndi ziwiri kapena zitatu zokha zimene zikubwerezedwa. M'mawa mwake phunziro limayamba ndi yankho lolakwika pabolodi, lopanda dzina la mwini wake, ndi funso lakuti munthu ameneyu anaganiza bwanji. Ana amakangana awiriawiri. Mwini wake, ali phee pakati pa anzake, amamva njira yake ikufotokozedwa popanda womuseka. Kenako onse amapatsidwa masamu atatu atsopano a mtundu womwewo, chifukwa ndemanga imene sitsatidwa ndi mpata woyesanso imangouluka.

Ena amagwiritsa ntchito kumbuyo kwa kope kapena kachidutswa ka katoni: aliyense alembe yankho lalikulu, onse akweze nthawi imodzi. M'masekondi ochepa mphunzitsi waona mitu 85, ndipo akudziwa ngati apitirire kapena abwerere. N'zosiyana kutalitali ndi "Yes, Madam".

Zonsezi zimafuna mphunzitsi wodziwa kuwerenga cholakwa, ndipo luso limeneli si aliyense anatuluka nalo ku koleji. Kudziwa kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 si 2/5 n'kosavuta. Kudziwa kuti mwana wapeza 2/5 chifukwa waphatikiza zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha, ndiponso kuti angadzigwire yekha ukamufunsa ngati theka la buledi ukaliwonjezera lingachepe, kumafuna munthu amene anakhalapo pansi n'kuganizira. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, unduna unayambitsa Lesson Study m'chigawo cha Central, ndipo pambuyo pake inafika m'zigawo zonse. Aphunzitsi a pasukulu imodzi amakonza phunziro limodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa ena akuonerera, kenako amakambirana, kulikonza ndi kuliphunzitsanso. Pomwe zimayenda bwino, oonererawo sayang'ana mnzawo ngati wavala tayi kapena walemba tsiku pabolodi. Amayendayenda pakati pa madesiki kusuzumira zimene ana akulemba. Pomwe siziyenda, umangokhala msonkhano wosainira kaundula. Mphunzitsi naye ndi wophunzira amene kawirikawiri amangopatsidwa malikisi pa fomu ya oyendera, osauzidwa pomwe pakhota.

Nthawi imadyedwanso ndi zina zimene sukulu ilibe nazo mphamvu. Mvula ikagwa, njira za m'komboni zimadzaza madzi ndipo ana aang'ono amatsala pakhomo. Mu 2024 sukulu zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, koma kolera inachititsa kuti zitsegulidwe pa 12 Febuluwale, odwala atadzaza mu National Heroes Stadium, kamtunda kochepa kuchokera ku Chaisa. Masabata otayika amabwezedwa pothamanga, ndipo choyamba kutayidwa pa liwirolo ndi kubwerera m'mbuyo kukaona amene watsala. Masamu ndiye sakhululuka. Amene sanamvetse kubwereka pa Giredi 3 adzagwa pa kugawa kwakutali pa Giredi 5, popeza m'kati mwake muli kuchotsera, ndipo pofika pa mayeso a Examinations Council of Zambia palibenso womufunsa njira. Amadetsa kabokosi ka A, B, C kapena D, makina n'kuwerenga, ndipo chimene chimabwerera ndi nambala imene makolo amaiona pa foni.

Makolo a ku Chaisa sanawerenge Butler kapena Wiliam, koma akudziwa chimene chikusowa, ndipo amene angathe amachigula. Madzulo ndi Loweruka, m'zipinda za kuseri kwa nyumba, m'matchalitchi ang'onoang'ono ndi pakhonde, muli ma tuition. Wophunzitsa nthawi zina ndi mphunzitsi weniweni, nthawi zina ndi mnyamata amene anamaliza Giredi 12 ndipo akudikira malo ku koleji. Bolodi lake ndi thabwa lopaka utoto wakuda, mabuku ndi omwewo a kusukulu, ndipo njira yake yophunzitsira mwina siposa ya aphunzitsi a m'mawa. Chimene ali nacho ndi ana khumi m'malo mwa 85. Amatha kuima kumbuyo kwa mwana pensulo ikuyenda, n'kunena kuti "dikira, apa wachita chiyani?" cholakwacho chisanaume. Ndalama imene mayi wogulitsa tomato amapatula pa mpamba wake mwezi ndi mwezi ikulipira funso limenelo.

Mabanja ambiri sangaipatule. Ana awo ena ali m'sukulu za boma zodzazazo, ena m'sukulu za community zimene zinayamba kumera m'makomboni m'zaka za m'ma 1990, kumene aphunzitsi ambiri ndi odzipereka, olandira kangachepe kapena osalandira n'komwe, ndipo ambiri sanapite ku koleji ya uphunzitsi. Fizi inathetsedwa pageti la sukulu, koma mtengo wa munthu woyang'ana m'kope mwana akulemba ukadalipo, ndipo ku Chaisa umalipidwa mwezi ukatha, pamodzi ndi lendi ndi ndalama ya madzi.